Kukasiya Bambo a Tadala ku Kalgoorlie

Tinanyamuka ku Rockingham Lamlungu m'mamawa, dzuwa lisanatuluke koma kunja kutafunda kale. Unali mwezi wa February. Galimoto ndinkayendetsa ndine, chifukwa bambo a Tadala, amuna anga, anati maso awo saona bwino kusanayere. Kumbuyo tinkakoka kangolo kobwereka kwa munthu wina wa kutchalitchi, momwe munali matiresi, kafiriji, mpando umodzi, mapoto awiri ndi makatoni a mabuku amene ndinkadziwa kuti sakawatsegula. Pampando wakumbuyo panakhala a Tembo, mnzawo wa ku Zambia amene amachita kafukufuku ku yunivesite ya ku Bentley. Anabwera kudzathandiza kunyamula katundu, komanso kuti pobwerera ndisakhale ndekha.

Tinkapita ku Kalgoorlie, mtunda wopitirira makilomita 600, kukasiya amuna anga. Fakitale ya ku Kwinana kumene anagwira ntchito m'labotale zaka khumi ndi zinayi inachepetsa anthu, ndipo dzina lawo linali pamndandanda. Patatha miyezi isanu anapeza ntchito yoyeza miyala pamgodi wina kumeneko. Munthu wa zaka 58 kukayambanso kugona yekha m'kachipinda ngati mbeta. Ine sindikanasiya unamwino wanga ku chipatala cha ku Nedlands, ndipo mwana wathu Tadala anali asanamalize sukulu.

Panalinso china. Atachotsedwa ntchito, anandibisira masabata atatu. Ankadzuka m'mawa, kuvala, kutenga chakudya chimene ndawalongedzera, n'kutuluka monga mwa masiku onse. Ndinadzamva kwa mayi wina wa kutchalitchi amene anadzandipepesa pakhomo la tchalitchi poganiza kuti ndikudziwa. Sitinakangane ayi. Kungoti kuyambira tsiku limenelo tinkangoyankhulana za magetsi, za galimoto ndi za Tadala. Ndinkayembekeza kuti maola asanu ndi awiri a pamsewu atikakamiza kutsegula pakamwa. Ndinaiwala kuti a Tembo akakumana ndi amuna anga, nkhani imakhala imodzi basi.

Nkhaniyo ndi mpira wa ku America. Suja timaudziwa tonsewu, koma uja wooneka ngati dzira, woponyerana ndi manja, anthu ake atavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Amuna anga anautengera ku Buffalo, mzinda wozizira kwambiri kumene anakaphunzira ali mnyamata. A Tembo anangoupeza pa TV kuno ku Perth. Fainolo ya mpirawo imaoneka Lolemba m'mawa nthawi ya kuno, ndipo chaka chilichonse awiriwa ankapempha tchuthi n'kudzaza pabalaza panga ndi phokoso. Ya chaka chimenecho inali mawa lake, tsiku lomwelo limene amuna anga ankayamba ntchito.

Tisanamalize n'komwe kukwera chitunda chotulukira mu Midland, a Tembo anayamba m'Chinyanja chawo cha ku Zambia, powaseka anzawo kuti mawa saonera fainolo.

"Mudala, manje popeza mailo simuzatamba, tiyeni tikambe chabe zoona lelo. Gemu yamene siizaibalika ni ija ya 28 kwa 3. Palibe inangu."

"Yambani kaye mwadya," anatero amuna anga. "Mukuyankhula ndi njala."

"Ah, imwe! Banthu benze pansi 28 kwa 3, nthawi yasala pang'ono, bena bayamba na kuchoka pa TV. Babwela, balinganiza, bawina mu nthawi yoonjezela. Mufuna chani futi?"

"Imeneyo si nkhani ya opambana. Ndi nkhani ya timu imene inagona tulo pantchito. Munthu akasiya chitseko chosatseka, wolowayo timutame kuti ndi katswiri?"

Anakokanakokana mpaka ku Northam, kumene tinaima kuthira mafuta. Ndinagula tiyi ndi zitumbuwa za nyama zimene azungu a kuno amakonda. Pobwerera ku galimoto ndinapeza atasamukira ku gemu ina, ya munthu amene anawakha mpira poupanikiza ndi dzanja limodzi pa chipewa chake uku akugwa. A Tembo anali atavula kapusi yawo, akuonetsa ndi botolo la madzi mmene zinachitikira, anthu a pamalopo akuwayang'ana.

"Amulamu, onani," anandiitana. "Mutu apa, bola apa, munthu akumudonsa kumbuyo. Iyi ni mfiti kapena ni chani?"

"Lowani m'galimoto, alamu. Dzuwa likukwera."

Kuchokera pamenepo msewu umangoti tayale pakati pa minda ya tirigu yokololedwa kale, chipaipi chachikulu cha madzi chikuyenda nafe m'mbali. Mathiraki okoka ngolo ziwiri kapena zitatu akamatidutsa, kangolo kathu kankavina. Titangopitirira Cunderdin ndinamva kuti phuu, kenako chiwongolero chinayamba kunjenjemera m'manja. Tayala la kangolo linali litaphulika.

Tinaima m'mbali mwa msewu popanda ngakhale kamthunzi. Ntchentche za kumeneko sizichita manyazi, zimalowa m'maso, m'mphuno, m'kamwa ukangoyasamula. Tayala lapadera linalipo, koma sipanala ya galimoto yathu sinkagwira manati a kangolo. Tinatsitsa matiresi ndi makatoni onse kufunafuna ina, osaipeza. Tinakhala pamenepo pafupifupi ola, mpaka mlimi wina wodutsa ndi galimoto ya papulazi anaima n'kutibwereka yake. Amuna anga anakana kuti a Tembo agwire. Anagwada okha pamiyala yotentha, malaya atanyowa kumsana, akupuma mwabefu. Nati imodzi inakanirira. Anaiponda ndi phazi, sipanala inaterereka, iwo n'kugwera chammbali, chigongono chinasupuka.

"Tiyeni ndione," ndinatero.

"Palibe kanthu."

"Magazi akutuluka."

"Ndati palibe kanthu, mayi a Tadala."

Ndinabwerera m'galimoto n'kukhala. Ndimasamalira mabala a anthu osawadziwa tsiku ndi tsiku, koma la amuna anga ndinaliyang'anira pagalasi.

Titapakiranso katundu, ulendo unapitirira, mkangano nawonso. Tsopano unali wa timu imene inatsala ndi sitepe imodzi yokha kuti igoletse n'kutenga chikho, koma m'malo mothamanga nawo mpira anauponya, wina wa timu inayo n'kuuwakha. Apa ndiye anagwirizana kuti mphunzitsi wake analakwa, koma anapezabe pokanganirana: a Tembo ankati unali uchitsiru, amuna anga ankati kunali kuganiza mopitirira muyeso, ndipo ati zimenezi n'zosiyana. Chapafupi ndi Kellerberrin tinapeza kutsogolo kwathu thiraki yonyamula chimakina cha kumgodi chotambalala pafupifupi msewu wonse, galimoto za nyali zachikasu kutsogolo ndi kumbuyo. Tinalondola pambuyo pake ngati tikuperekeza maliro. Makina oziziritsa mpweya m'galimoto anayamba kutulutsa mpweya wofunda. Titatsegula mawindo, mphepo yake inali ngati ya mu uvuni.

Ku Merredin tinafuna kugula tayala lina lapadera, koma Lamlungu malo onse a matayala anali otseka. Tadala anaimba foni. Ndinamufunsa m'Chichewa ngati wadya, iye n'kumayankha m'Chingerezi chake chakuno kuti ndisadandaule, ndipo anafuna kuyankhula ndi bambo ake. Ndinamva bambo akewo akumuuza kuti ulendo ukuyenda bwino kwambiri.

Tinafika ku Southern Cross cha m'ma 1 koloko masana. Potulukira m'tauni tinapeza mzere wa mathiraki ndi galimoto, ndipo mayi wina wovala chovala chowala anali kuyenda galimoto ndi galimoto. Anatiuza kuti kutsogolo, m'tchire la pakati pa pamenepo ndi Coolgardie, kwabuka moto, ndipo msewu watsekedwa. Titafunsa kuti atsegula nthawi yanji, anati zidalira mphepo. Mwina madzulo, mwina mawa.

Amuna anga anafunsa ngati pali njira ina. Mayiyo anayang'ana kangolo kathu n'kupukusa mutu. Iwo ankayenera kukwera basi ya kampani 6 koloko m'mawa mwake, ndipo kalata yawo inanena momveka kuti wosafika tsiku loyamba la maphunziro a chitetezo adikire gulu lina. Gulu linalo linali la liti, palibe ankadziwa. Anayesa kuimba nambala ya ku ofesi, inangolira. Anatumiza uthenga, n'kumayang'ana foniyo ngati iyankha yokha.

Tinakakhala pamalo ena omwetsera mafuta pomwe panali kodyera. Mkati munadzaza, choncho tinapeza benchi panja pansi pa denga la malata. Kum'mawa kunkaoneka utsi wotuwa utayala pansi pa thambo. Ola loyamba linatha tikuthamangitsa ntchentche. Lachiwiri a Tembo anagona chokhala, kukamwa kuli yasa. Ine ndinavula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa. Amuna anga anapita kawiri kukafunsa mayi uja, kawiri konse n'kubwerako ndi yankho lomwelija. Tinali pafupi moti mapewa ankakhudzana, koma mawu osatuluka.

A Tembo atadzuka anagula zakumwa zozizira, ndipo pofuna kuwatsitsimula anzawo anayambanso.

"Mudala, nimwe chabe pa calo conse amene mukamba ati gemu yabwino ni yamene timu yanu inaluza."

Pabenchi ina panali mzungu wachikulire wa ndevu zoyera, wovala malaya a kumgodi. Anali atamva mawu ena a Chingerezi amene awiriwa ankaponyamo, ndipo anafunsa ngati akukamba za mpira wa kwawo. Anati ndi wa ku America, dera la Wisconsin, ndipo wakhala akuboola miyala m'migodi ya kuno zaka zambiri. Anasendeza benchi yake osadikira kuitanidwa.

Iye anati tonse tikusochera. Gemu yosaiwalika inaseweredwa kwawo iye ali mwana, tsiku lozizira moti wezulo ya woyimbira inamatirira pamilomo, poichotsa n'kuchotsa ndi khungu lomwe. Bambo ake anali m'bwalomo, ndipo mpaka imfa yawo ankati zala ziwiri za kuphazi sizinabwererenso mwakale. Ankafotokoza zimenezi thukuta likuyenderera m'ndevu, ife tikupsa ndi dzuwa la ku Southern Cross. Ndinaseka koyamba tsiku limenelo.

Kenako anafunsa amuna anga kuti yawo ndi iti.

Nkhani imeneyi ndinali nditaimva kambirimbiri. Fainolo yoyamba ya timu ya ku Buffalo, iwo ali wophunzira kumeneko. Timu yawo ili kumbuyo ndi pointi imodzi, 20 kwa 19, kwatsala masekondi owerengeka. Akuitana munthu amene ntchito yake ndi kumenya mpira ndi phazi basi, kuti audutsitse pakati pa mapolo awiri ataliatali. Akaulowetsa, chikho n'chawo. Anaumenya bwino, mtunda unakwana, koma unapatukira kumanja pang'ono. Mzungu uja anagwira mutu n'kunena kuti akuikumbuka, ndipo a Tembo anawonjezera kuti timuyo inabwereranso ku fainolo katatu motsatizana n'kuluza konse.

"Ndiye n'chifukwa chiyani mumaikonda?" anafunsa mzunguyo. "Anthu a kumeneko safuna n'kuikumbuka komwe."

Nthawi zonse amuna anga akafunsidwa zimenezi ankayankha za kaseweredwe, zoti matimu onse awiri sanataye mpira ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo anayamba kaye apukuta magalasi awo ndi m'mphepete mwa malaya.

"Si gemuyo kwenikweni," anatero. "Ndi zimene zinachitika timu itabwerera. Anthu anasonkhana pabwalo la pakati pa mzinda kudzailandira. Ine ndinapita, ndi kajekete kanga kopyapyala, makutu akuwawa ndi chisanu. Ndinkaganiza kuti munthu uja amukuwiza. Kwathu tikanamuperekeza ndi miyala. Iyenso ankadziwa, anaima kumbuyo kwa anzake, mutu uli pansi. Ndiye anthu anayamba kuitana dzina lake. Gulu lonse lija, dzina lake lokha, mobwerezabwereza, mpaka anzake anamukankhira kutsogolo. Anafika pa maikolofoni akulira. Ine ndinali ndi miyezi yochepa m'dziko la eni, sindinkadziwa aliyense, koma ndinapezeka nanenso ndikukuwa dzina la munthu amene sindinamuonepo pafupi."

Anavalanso magalasi.

"Munthu walephera pamaso pa dziko lonse, n'kubwerera kwawo, anthu n'kumuitana kuti bwera kuno tikuone. Zimenezo sindinazionenso kwina kulikonse."

Mzungu uja anagwedeza mutu nati za kubwaloko anali ataziiwala. Patapita kanthawi anapita kukaona galimoto yake, ndipo a Tembo anati akufuna kukaona ngati m'sitolo muli zipewa zotchinga ntchentche. Anatenga nthawi yaitali kwambiri posankha chipewa chimodzi.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, mbali imeneyi ya nkhaniyo ndinali ndisanaimvepo.

"Masabata atatu aja," ndinatero, "munkapita kuti?"

Sanadabwe ndi funsolo.

"Ndinkasiya galimoto pa siteshoni. Ndinkakwera sitima mpaka m'tauni, n'kubwerera mpaka ku Mandurah, n'kubwereranso. Masiku ena ndinkalowa mu laibulale kulemba makalata ofunsira ntchito. Ikakwana nthawi yoweruka, ndinkabwera kunyumba."

"Chakudya chija?"

"Ndinkadya chonse. Pa benchi ya pa siteshoni."

"Mukanangobwera kunyumba tsiku loyamba lomwelo."

"Ndinafika mpaka pageti. Ndinakuonani pawindo mukusita yunifolomu, mukuimba. Ndinabwerera."

"Munkaganiza kuti nditani? Ndikuthamangitsani?"

"Ayi. Ndinkadziwa kuti munena kuti palibe vuto, Mulungu atithandiza, kenako mukapempha mashifiti owonjezera. Ndipo ndi zimene munachitadi."

"Nanga ndikanatani?"

"Palibe. Simunalakwe. Kungoti ndine ndinakubweretsani kuno. Ndinakuchotsani pantchito yabwino ku Lilongwe, pafupi ndi amayi anu, ndikulonjeza kuti sitidzavutika."

"Chimene chinandipweteka ine si ntchitoyo," ndinatero. "Ndi kuima pakhomo la tchalitchi, mayi uja atandigwira dzanja, ine n'kumanamizira kuti ndikudziwa. Ndinavomera kuti inde, zikomo, tikupemphera. Ndinanama m'nyumba ya Mulungu chifukwa cha inu."

"Pepani, mayi a Tadala."

Anali asananenepo mawu amenewo chichitikireni zonsezi. Ndinapita ku galimoto, n'kutenga kabokosi ka mankhwala, n'kubwera nako.

"Bweretsani mkonowo."

Anaupereka. Balalo linali litauma ndi fumbi lofiira mkati. Ndinalitsuka ndi madzi a m'botolo, iwo akuluma mano, n'kulimanga.

Msewu anautsegula itangopitirira 5 koloko. Anatilola kudutsa m'magulu, galimoto ya ozimitsa moto ili patsogolo. Kwa makilomita angapo mitengo ya m'mbali inali yakuda, zitsa zina zikufukabe, fungo la utsi likulowa ngakhale titatseka mawindo. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono, mtima uli pa tayala la kangolo, podziwa kuti likaphulikanso tilibe lina. A Tembo, atavala chipewa chawo chatsopano cha ukonde m'galimoto momwe, anayesa kunena kuti pa nkhani ya kaseweredwe kokha, ya 28 kwa 3 ikadali pamwamba. Amuna anga anati akambirana akadzabwera pa Isitala. Posakhalitsa bambo a Tadala anagona, mutu utatsamira pawindo.

Tinadutsa Coolgardie dzuwa likulowa, ndipo tinafika ku Kalgoorlie kutangoyamba mdima. Chipinda chawo chinali kuseri kwa nyumba ya mayi wina wokalamba: bedi lachitsulo, sinki, windo limodzi loyang'ana mpanda. Tinalowetsa katundu. Kafiriji sikanakwane pamene tinkafuna, tinakaika pafupi ndi chitseko. A Tembo anakagona ku malo ogona alendo, ine ndinatsala.

M'mawa mwake ndinawaperekeza pakona pomwe basi ya kampani imaima. Anavala malaya a lalanje a kumgodi amene manja ake anali aatali kuposa mikono yawo, ndi nsapato zachitsulo zatsopano zimene zinkawayendetsa ngati mwana wophunzira kuyenda. Pakonapo panali anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena a msinkhu wa Tadala, aliyense maso pa foni. Amuna anga anawapatsa moni mmodzimmodzi, awiri okha ndi amene anayankha. Basi itafika anandigwira dzanja mwachidule monga timachitira pagulu, nati ndiyende bwino, ndikagule tayala ndisananyamuke. Anadikira anyamata onse akwere, iwo n'kutsatira pambuyo, dzanja limodzi pachitseko, bandeji ikuonekera pachigongono.

"Lyson!"

Dzinalo linangotuluka lokha pakamwa panga. Sindinawaitanepo ndi dzina lawo pamaso pa anthu chikwatiranireni. Anatembenuka phazi limodzi lili kale pa sitepe, n'kudikira kuti ndinene chimene ndawaitanira. Tinangoyang'anana, dalaivala akudikira, mnyamata wina pawindo akumwetulira. Kenako anakweza dzanja, n'kulowa.

Ndinaima pamenepo mpaka basi inakhota. Nditabwerera ndinapeza a Tembo atafika kale, atatsamira galimoto, kangolo kopanda kanthu kali kumbuyo. Ndinawapatsa makiyi.

"Yendetsani ndinu, alamu. Ine ndatopa."